Anti Nachisale ndi Mzere Wathu Wobooka

Fungo limene limandibweretsera Anti Nachisale si la chakudya ayi, ndi la mankhwala aja opaka pamsana, otentha, olasa m'mphuno, amene ankadzaza kanjira ka pakati pa nyumba yathu ndi yawo ku Rotherham, kudziko la azungu, akangotsika basi kuchokera kuntchito. Ankagwira panyumba yosamalira okalamba, kudzutsa, kusambitsa ndi kugoneka anthu olemera thupi kuwaposa iwo kawiri, ndipo akaweruka ankakhala m'khitchini mwawo, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, wailesi ikuimba za kwaya, mawindo atachita nthunzi ndi nyemba zobwata. Sanali achibale athu. Tinangowapeza khomo loyandikana pamene ine ndi amayi tinafika, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mapepala athu okhalira m'dzikomo anatenga zaka. Amayi ankapita kukasaina ku ofesi yoona za olowa m'dziko mwezi ndi mwezi, ndipo lamulo la m'nyumba linali limodzi: usakhudze munthu. "Akakutukwana, seka. Akakukankha, upepese ndiwe. Kalata imodzi ya apolisi, Mada, atikweza ndege." Tsoka lake, ine ndinkakula ngati wothiridwa feteleza. Ndinaphunzira kuyenda mapewa ali pansi, ndi kupepesa ngakhale wina atandiponda phazi m'basi.

Nditayamba koleji ku Sheffield, kochi wa mpira wa ku America anandiona m'kantini n'kundiitana. Ndi mpira uja woumbika ngati dzira, wonyamula m'manja, wovalira zipewa zolimba. Anandiika pamzere wa kutsogolo wa otchinga, anyamata anayi. Ntchito yathu inali kuboola khoma la timu inayo ndi kugwetsa woponya mpira asanaponye. Kanali koyamba m'moyo wanga kuti munthu ayang'ane thupi langali n'kusangalala. Timu ija ndinaikonda, ndinene zoona, kuposa maphunziro.

Koma mzere wathu unali wa manyazi. Woponya wa anzathuwo ankaima phee, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, akanafuna akanamwa kaye tiyi, ife tili kumbwandirana ndi omutchinga. Tinagonja masewero anayi otsatizana osamukhudza ngakhale malaya. Kochi ananditengera pambali n'kundiuza mwaulemu kuti andipatsa masewero awiri. Zikapanda kusintha, malo anga apatsa wina.

Amayi sankafuna n'komwe kuona masewerowo. Amene anabwera kubwalo Lamlungu lotsatira, molunjika kuchokera kutchalitchi, anali Anti, chitenje atamangira pamwamba pa jekete, ambulera kumanja, fulasiki kukhwapa. Anaima pamzere wa bwalo m'kamvula ka waziwazi mpaka tinagonjanso. Zonena zawo anayambira m'basi.

"Malamulo ake sindikuwadziwa, ndipo mpirawo ngwa mutu wosagwira. Koma kukankha ndiye ndimakudziwa. Mnzako wa tsitsi lofiira uja amayamba waima chilili asanakankhe. Ameneyo ngakhale gogo wa kuntchito kwanga akhoza kumubweza. Wonenepa uja mpweya umamuthera mukangoyamba. Wachitatuyo amangoti maso pa mpira ngati chibwenzi chake, munthu ali patsogolo pake osamuona."

Ndinaseka, n'kufunsa m'Chingerezi, monga ndinkayankhira nthawi zonse, kuti nanga ine.

"Iwe ndiye wamphamvu kuposa onsewo. Umafika pa munthu, kenako manja n'kuwabweza. Ndakumva ukupepesa, mwanawe. Katatu."

Ndinatembenukira kuwindo. Palibe kochi, palibe mnzanga amene anali ataziona zimenezo, ndipo ineyo sindinkadziwa kuti zimamveka.

Mlungu umenewo ankandiitana m'kanjira kaja akaweruka, n'kundikankhitsa bini la zinyalala lodzaza iwo atalitsamira mbali inayo. "Tangadza miyendo. Pinda mawondo. Msana sugwira ntchito, ntchito ndi ya ntchafu. Ukuganiza ndimawadzutsa bwanji anthu anga aja?" Koma Lachinayi analisiya binilo, napukuta manja pachitenje, n'kulowa m'nyumba mwathu ine ndili pambuyo. Amayi anali kusita.

"Amake Mada, mwanayu munamumanga manja, ndipo munachita bwino, nthawi yake inali imeneyo. Koma womumasula ndinu. Ine sindingathe, kochi sangathe."

Amayi anaimika simbi. "Nanga akakathyola mwana wa eni? Inu mapepala muli nawo, asisi. Ife tilibe."

"Mwana wa eniyo wavala chipewa, ndipo amake anachita kusainira kuti azigwetsedwa. M'bwalo muja woweruza ndi wa wezulo basi. Bwerani mudzaone nokha. Mukaona wapolisi, ndidzayankha ndine."

Amayi anapitiriza kusita malaya omwe anali atawasita kale, misozi ikugwera pakolala.

Lamlungu lomaliza lija amayi anabwera, atakolowekana mikono ndi Anti pansi pa ambulera imodzi. Chigawo choyamba chonse ndinachita zomwezija. Mawondo ndinapinda, munthu wanga ndinkamusuntha ndithu, koma ndikangoona woponya ali pafupi, maso a amayi ndinkawamva kumsana, manja n'kufooka. Kochi anali atayamba kale kuyang'ana kubenchi ya odikira kulowa. Titabwerera m'bwalo chigawo chachiwiri, mpira unaikidwa pafupi ndi pamene anaima awiriwo. Ndinagwada pamzere, dzanja m'matope, ndipo m'kachetechete kaja ka tisanayambe ndinamva mawu a amayi, osakweza, m'chinenero chimene panalibe wina wochimva pabwalo lonselo kupatula ine ndi Anti.

"Mada, mgwetse. Ndakulola, mwana wanga."

Wotchingira woponya uja sindikumbukira kuti ndinamudutsa bwanji. Ndimangokumbukira kuti ndinapezeka ndili pamwamba pa woponya, tonse m'matope, ndikudikira kuti tsopano zichitike zimene ndinaziopa zaka zisanu ndi ziwiri. Wezulo inalira. Mnyamatayo anadzuka yekha, nandimenya kachikhatho pachipewa, n'kubwerera kwa anzake. Zinathera pomwepo.

Tinagonjabe tsikulo, poti wa tsitsi lofiira uja sanasiye kuima chilili, koma malo anga sanapatse wina. Pokwera basi amayi ankangoseka. Anti anatsegula fulasiki, nandipatsa tiyi m'chivundikiro, n'kunena kuti mawondo ndinapinda mochedwa.

Mapepala anatuluka patapita zaka ziwiri. Msana wa Anti unali utatha, ndipo anaganiza zobwerera kwawo ku Dedza, kumene anamwalira ndisanapeze mpata wokawaona. Zimenezo zimandipweteka mpaka lero. M'mawa umene ankanyamuka, nditakweza masutikesi awo m'galimoto, anandikoka malaya poti ankandilekeza pachifuwa. "Tawerama ndikukumbatire. Ukatha udzuke, ndipo uziima msinkhu wonse umene Mulungu anakupatsa."

Mpira ndinausiya kalekale. Ndimagwira ntchito m'chipatala ku Wakefield, ndipo masiku ena, polowa m'chipinda chodzaza anthu osandidziwa, mapewa amayamba okha kutsika. Ndimawadzutsa.