Mgolo wa Nyumba Yokhoma

Ntchito yanga yoyamba inali yotola zinyalala ku khonsolo, ku Balaka. Sindinaifunefune iyayi, inachita kundipeza. Chaka chimenecho kwathu ku Utale chimanga chinauma chisanamasule, ndiye malume anga, amene ankakonza njinga pafupi ndi msika, anandiitanitsa n'kukandisiya m'manja mwa kapitawo, Che Saidi. Iwo anangofunsa ngati khadi la chipani ndili nalo, komanso ngati msana uli bwino. Kenako akuti mphuno ndiziisiya kunyumba, azindisungira malume.

Tinali ndi thirakitala yokoka ngolo, mafosholo, maleki ndi wilibala imodzi yolira ngati mbuzi. Nyumba iliyonse yolipira msonkho wa malo khonsolo inkaipatsa mgolo wachitsulo wodula pakati, wa chivindikiro ndi zogwirira za waya. Msonkho umenewo pamodzi ndi wa pamsika ndiye unkagula dizilo, ndi malipiro athu omwe. Ukasiya kulipira, timasiya kutola, pambuyo pake mgolo umabwerera kwa eni ake.

Malamulo a Che Saidi sanali ambiri. Wodzaza munyamule awiri, wopanda kanthu mmodzi, paphewa. Koma usananyamule uyambe waukhudza ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa amayi ena amataya phulusa lili ndi makala amoto, ndipo ngolo inapsapo kale panjira ya kudzala. Dzanja linazolowera mpaka linkangopita lokha.

Kumapeto kwa mzere wina, chakunjanji, kunali nyumba yokhoma. Mwini wake anali kalaliki. Anabwera kudzamutenga pa galimoto, ndipo masiku amenewo munthu akatengedwa choncho dzina lake silinkatchulidwanso. Mkazi ndi ana anawathamangitsira kumudzi, pachitseko panaikidwa loko wamkulu. Anthu ankanong'ona kuti mayi ake a kalalikiyo, nkhalamba yothawa nkhondo ku Mozambique, palibe anawaona akutuluka. Koma zinali zonong'ona basi.

M'mawa wina mu Juni, kukuzizira, ndinadutsa kuseri kwa nyumba ija, dzanja n'kupita lokha pamgolo. Unali wofunda. Nditavundukula, munali phulusa, makoko a chinangwa aawisi, ndi masamba a tiyi ophikidwa mpaka kuyera. Mazenera otseka, udzu wafika m'maondo, phazi la munthu osaoneka. Ine zoti mizukwa imamwa tiyi sindinamvepo, koma ndiye ndinganene chiyani?

Nditawauza Che Saidi, anayang'ana kumbali n'kunena kuti ndi dzuwa. Dzuwa liti, poti linali lisanatuluke? Iwo anati, “Nyumba imeneyo mulibe munthu. Wamva? Mulibe munthu. Gwira uko tikakhuthule.”

Tinapitiriza choncho sabata ndi sabata, awiriwiri. Ndikawerama pamgolo paja, khosi linkandilemera ngati wina akundisuzumira pakatani. Sindinacheukepo.

Tsiku lovuta linafika pomwe kumayembekezeka alendo akuluakulu a boma. Tauni yonse inkasesedwa, mitengo kupakidwa laimu, ndipo migolo ya nyumba zosalipira inayenera kubwezedwa. Anyamata a chipani a malaya ofiira ankayenda nafe kuona ukhondo. Mkulu wawo anali wansangala, wa nthabwala, ankanditchula kuti a Nduna a Ntchentche. Koma tonse tinkadziwa: akapeza munthu m'nyumba ija, munthuyo sangatengedwe yekha. Apita ndi amene ankamutayira phulusa.

Tinalowa kuseri kuja. Dzanja langa linapita lokha, n'kubwerera msanga. Sunali wofunda tsiku limenelo, unali wotentha, wongotayidwamo kumene. Mkulu uja anafunsa ngati muli kanthu. Che Saidi anali atamanga kale chivindikiro ndi waya, akuti chingagwe panjira. Anandiyang'ana m'maso.

“Wopanda kanthu safuna anthu awiri. Nyamula, mwana wa ku Utale.”

Ndinaunyamula. Mpaka lero sindidziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Chiguduli changa cha paphewa chinali chitatsala mungolo, ndiye chitsulo chinakhala pamalaya. Thirakitala inali kumsewu, kuja kuli mtengo wa nimu. Poyamba kunangotentha, kenako ndinamva malaya akumata pakhungu, kafungo ngati powawula nkhuku. Ndinkayenera kuyenda mopepuka, dzanja linalo likugwedezeka, ngati ndanyamula dengu. Mkulu uja ankayenda pambali panga, akundifunsa ngati ku Utale kuli atsikana. Ataona misozi anaseka, akuti a Nduna akulira mgolo wawo. Ndinayankha kuti ndi chimfine, bwana. Che Saidi anali atayatsa chingambwe chawo, akufuka utsi pafupi ndi mutu wanga, chonsecho ankadana ndi kusuta pantchito.

Kudzala Che Saidi anandivula malaya ndi mpeni, n'kuthira madzi a m'botolo lawo losambira popita ku swala kumzikiti. Zikomo sananene. Anangoti mawa ndikagwire leki kumsika, phewa lipume.

Patapita masiku ndinadutsanso kuseri kuja. Pomwe pankakhala mgolo panali kamulu ka phulusa, kosesedwa bwinobwino ndi tsache. Ndinakakhudza. Kanali kozizira. Sabata inayo panalibe chilichonse.

Nyumbayo itapatsidwa kwa banja lina, anatiitana kukalambula. Loko anachita kudula ndi sowo, anali atachita dzimbiri. M'kati munali mphasa yopinda, mafuwa atatu kubafa, khoma lakuda ndi mwaye mpaka kudenga. Munthu ayi, mafupa ayi. Ankatulukira pati? Anapita kuti? Ndinawafunsa Che Saidi kamodzi. Akuti, “Si ndinakuuza kuti mulibe munthu?” Che Saidi anamwalira osawonjezerapo.

Chipsera chilipo, chachikulu ngati chikhatho, ndipo mu Juni chimayabwa. Anyamata atsopano pantchito ndimawaphunzitsa monga anandiphunzitsira: khudza kaye, kuseri kwa dzanja. Amati n'chifukwa cha ngolo, ine ndimavomera. Koma chomwe ndinatolapo n'chakuti wotola zinyalala amadziwa nyumba iliyonse, zomwe adya ndi zomwe abisa, ndipo zimene dzanja lamva si zonse zoyenera kufika pakamwa. Zina umangonyamula, n'kumayenda ngati mulibe kanthu.