Masamba Aawisi pa Galimoto ya Maliro a Bambo

Bambo anamwalira m'mawa kuchipatala ku Liwonde, ndipo ife Asilamu sitigoneka maliro. Ashehe anatiuza pa foni kuti tifike ku Utale dzuwa lisanalowe. Dalaivala wa pikapu amene tinam'peza pa depoti anavomera msangamsanga, mtengo wake wotsika ngati wa tomato wa madzulo. Mtima wanga unakayika, koma wofedwa safunsa zambiri. Dalaivala yemweyo anathyola masamba aawisi n'kumangirira kutsogolo ndi kumbuyo, monga timachitira kuti apamsewu adziwe kuti akudutsa ndi maliro.

Tisanafike pa Balaka apolisi apamsewu anatiimitsa. Kunali kumapeto kwa mwezi, nthawi imene anthu amati maofesi amakolola zindapusa pamsewu. Kaya ndalamazo zimakafikadi kumene amati zimapita, ine sindidziwa, poti maenje a mumsewu wa kwathu ndi omwe aja. Bwana wa chipewa choyera anazungulira galimoto pang'onopang'ono. Anati masiku ano masamba achuluka, ngakhale onyamula makala akumayenda ngati ofedwa. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti ngati wasowa ya sopo angonena, asanyoze bambo anga.

Iye anangotukula lona chakumiyendo kwa malemu, ndipo pansi pake panali matumba atatu a nsomba zouma. Mapepala a galimoto nawo anali atatha ntchito kalekale. Manyazi anandigwira. Dalaivala uja anangotengera maliro athu kuti adutsitse katundu wake.

Bwana uja anati galimoto sisuntha mpaka chindapusa chiperekedwe. Dalaivala anati alibe kanthu, nayamba kuimba mafoni amene palibe ankayankha. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa galimoto unatalika. Kawiri konse ndinawaona awiriwo akuyankhulana motsitsa mawu kuseri kwa mtengo, kenaka n'kutiyang'ana ife. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankadziwana, ndipo ankangodikira kuti titope.

Amayi anamasula pamfundo ya chitenje chawo. Inali ndalama imene azimayi a m'wodi anasonkha kuti tigulire nsalu ya sanda yokulungira malemu.

"Pereka, mwanangu. Abambo ako akupsa ndi dzuwa."

Ndinapereka. Lisiti analilemba m'dzina la dalaivala, iye n'kulipinda bwinobwino n'kuika m'thumba.

Tinafika kumudzi mdima utagwa, anthu atabalalika kumanda. Bambo, amene moyo wawo wonse ankasambitsa anzawo akamwalira ndi kuwaika tsiku lomwelo, anagona pamphasa mpaka m'mawa.