Thonje m'kompyuta ya apongozi anga

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga anagula wailesi. Nthawi imeneyo tinali matenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kasiya, ndipo m'nyumba monse wailesiyo ndi yokhayo inali ndi nsalu yakeyake yofunda. Koma chaka chisanathe inangoti zii. Tinapita nayo kwa wokonza, bambo patsogolo, ine pambuyo nditaisenza. Munthu uja atangotsegula kumbuyo kwake, mphemvu zinatuluka chigulu, zina kumukwera m'mikono, anthu pakhonde la sitolo kuseka mpaka kugwira nthiti. Bambo anali munthu wamanyazi. Titafika kunyumba anandipatsa thonje ndi kamtengo ka tsache, nati kuyambira lero timabowo takumbuyoti ndizititseka Loweruka lililonse. Tsiku lina ndinaiwala, ndinatengeka ndi fulaye. Chikwapu cha tsiku limenelo ndimachimvabe m'miyendomu kukazizira.

Ndiye chinthu chimene unachiphunzira ndi chikwapu sichituluka, eti. Ine mpaka kukalamba kuno, chilichonse chamagetsi chikakhala ndi bowo, manja amandiyabwa.

Tsono chaka chatha mkazi wa mwana wanga Yohane, amake Tadala, amene amaphunzitsa pulayimale konkuno ku Nsaru, ankawonjezera maphunziro. Apongozi angawa ndimawakonda, ngakhale mchere amathira ngati akufuna ndiwozo zidzafike chaka chamawa, koma imeneyo ndi nkhani ina. Anagula laputopu, kompyuta yopinda ngati buku ija. Miyezi isanu akulembamo pepala lalikulu la ku koleji, ndipo anatiuza kuti akapanda kulitumiza pofika Lachisanu, ndiye kuti abwereza chaka chonse.

Lolemba la sabata imeneyo, iwo ali kusukulu, ndinkasesa pabalaza. Mwezi wa Okutobala, malata akuchita kulira ndi dzuwa. Kuyang'ana patebulo, kamphemvu kakuyenda m'mbali mwa laputopu, penipeni pa timabowo. Ndinatenga thonje lotsala la kuchipatala, ndinathyola kamtengo, n'kulikankhira mkati bwinobwino, lonse kulowa osaonekera kunja. Ntchito yaukhondo kwabasi. Sindinauze munthu, chifukwa kodi ukasesa pakhomo umaitana anthu kuti aombe m'manja?

Amake Tadala ataweruka anayatsa laputopu ija. Inagwira pang'ono, kenako galasi lonse linasanduka la buluu, n'kuzima. Isanakhudzidwe n'komwe inadziyatsa yokha, timadontho tikuzungulira, buluu uja, kuzimanso. Kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima, ngati mbuzi yozungulira chikhomo. Yohane anakalipira Tadala kuti ndi makatuni ake, mwana kulira mpaka kukana kudya. Anzanga a ku Mphakati wa kutchalitchi kwathu, amake Filomena, anati tiikwirire mumpunga monga amachitira foni ikagwera m'madzi. Ndinawafunsa kuti mpunga wokwirira chinthu chachikulu chonchi agula ndani, iwo?

Ine nkhaniyo ndinkaidziwa ndekha mumtima: kamphemvu kaja kanalowa ndisanatseke, kapena kanapeza mpata. Ndiye Lachiwiri ndinawonjezera thonje lina. Inde, ndinawonjezera. Kuyambira pamenepo sinkafikanso n'komwe polembera paja.

Lachinayi amake Tadala anapempha chilolezo kusukulu n'kupita nayo kwa a Nkhoma, bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta pamsika. Ine ndinawatsatira. Ndinati ndikukagula tomato, koma kunena zoona ndinkafuna ndikaone mphemvuyo ikutuluka, anthu adziwe kuti nkhalambanso zimadziwa zinthu.

A Nkhoma anayesa izi, anayesa izo, kudina mabatani awiriawiri, chinthu chija chikungozungulira. Kenako anapukusa mutu. Anati zamkati zasokonekera, ndipo njira yachangu ndi kufufuta zonse n'kuyambiranso. Zoti pepala lipulumuka sangalonjeze, pokhapokha titapita ku Lilongwe n'kukadikira masiku angapo. Anafunsa ngati analisunga pena. Amake Tadala anati pafulashi lilipo, koma la mwezi wa Ogasiti, theka lokha. Sanalire mokweza ayi. Anangokhala pabenchi, misozi ikugwera pachitenje, n'kunena kuti fufutani, ndikayesa kukumbukira zimene ndinalemba.

Apo ndiye ndinalephera kupirira.

"Bambo, musanafufute, tatsegulani kaye muchotse mphemvuyo. Ine ndinatseka ndithu, koma inali italowa kale."

"Munatseka chiyani, amayi?"

"Timaboowo."

"Ndi chiyani?"

"Ndi thonje. Kawiri."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndayankhula Chishona. Kenako anatembenuza laputopu ija, kumasula tizitsulo take, n'kuyamba kusolola ndi kopanira. Thonje loyamba, lachiwiri, lachitatu, akuliyala pakauntala ngati akugulitsa. Lina linali litakulunga kafani kamkati moti sikankatembenuka. Mphemvu ngakhale imodzi munalibe, ndipo chimenechi chimandipwetekabe.

Anandifotokozera mwaulemu, koma mlomo ukunjenjemera ndi tseko, kuti chinthuchi chimatentha mkati chikamagwira ntchito, ndipo timaboowo ndi mphuno zake. Chikabanika chimadzizimitsa kuti chisapse, chikazizira pang'ono n'kuyesanso. Ine ndinati nanga azungu anachipangawo osalembapo bwanji kuti pano musatseke? Pa thumba la feteleza amalemba, pa botolo la mankhwala amalemba. Anati amayi, sanaganize kuti kuli inu.

Atapukuta n'kubwezera, inayaka n'kukhala choyaka. Pepala lonse linalimo. Amake Tadala analikopera pafulashi pomwepo, ndipo Lachisanu m'mawa linapita.

Pobwerera ndinkadikira kuti andinene. Bola akanandinena. Anangondilandira jumbo la tomato n'kumandifunsa za nyamakazi yanga. Tadala ndinamugulira mandasi awiri n'kumupepesa, iye n'kukauza kalasi yonse kuti agogo anatsamwitsa kompyuta. Kuyambira sabata imeneyo laputopu imagona musutikesi, kiyi apongozi anga amapita naye kusukulu. Ine sindinafunse.

Zimandinyansa ndithu, m'nyumba ya mwana wanga ndikhale ine wobisiridwa kiyi. Koma ndikakhala pansi ndimaona kuti chimene chinatsala pang'ono kuwabwezera chaka apongozi anga si thonje lokha ayi. Masiku anayi ndinakhala nawo m'nyumba imodzi, iwo osagona tulo, ine ndili phee ndi nzeru zanga, kudikira tsiku loti andiyamikire. Ndikanangotsegula pakamwa Lolemba lomwelo, bwenzi nkhani itatha tisanadye mgonero. Masiku ano ndikafuna kuthandiza munthu pa chinthu chake ndimayamba ndafunsa, ngakhale yankho lake nthawi zambiri limakhala lakuti, "Amayi, ingosiyani."