Alamu a ku Chipata

Ndikamva fungo la buledi wowotcha litasakanikirana ndi la sanitaiza, maganizo anga amabwerera pakhonde la fulati yathu ku Al Muraqqabat, mumzinda wa Dubai, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pansi pa nyumba yathu panali kashopu ka Apakistani komwe ankamata buledi m'mbali mwa uvuni wonga mtsuko, ndipo fungo lake linkakwera mpaka kwathu, kudutsa zovala zoyanika za anthu onse. M'chaka cha mliri wa korona, msewu womwe unkasokosera ndi mahutala komanso anthu okoka zikwama za matayala unangoti zii. Kunkangomveka nkhunda, maeyakoni akudontha madzi, ndi wa kumzikiti akuuza anthu kuti apempherere kunyumba kwawo. Kutentha kunali kutayamba, kuja kwakuti ukagwira chitsulo cha pakhonde umachita kubweza dzanja.

Bambo anali atapita kumudzi ku maliro, ndege zonse n'kuima, moti anatsakamira ku Lilongwe. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, omwe ankagwira ntchito ku kampani yotumiza katundu ku Malawi, koma tsopano ofesi yawo inali tebulo lathu lodyera. Kenako hotela yomwe malume Yamikani ankaphikako inatsekedwa. Malume anali mlongo wa amayi wamng'ono, munthu woseka ndi mapewa omwe. Amayi anawauza kuti abwere adzakhale nafe, koma iwo anati sangabwere okha. Panali mnzawo amene ankakhala naye chipinda chimodzi ku Al Mankhool, wometa tsitsi wa ku Chipata, ndipo nayenso ntchito inali itamuthera. Amayi anang'ung'udza tsiku lonse za mpunga ndi kuchepa kwa malo, pomaliza n'kunena kuti, "Abwere, nanga akagone pamsewu?"

Umu ndi mmene ankolo Daka analowera m'nyumba mwathu. Anali wamtali, wofatsa, wa manja onunkhira paudala wa kometera tsitsi, ndipo ankayankhula Chinyanja cha kwawo chomwe chinkandiseketsa. Anthu awiriwa anabwera ndi sutikesi imodzi yokha, zovala zili zosakanikirana, ndipo ankagona pabalaza pa matiresi awiri omwe m'mawa ankaimikidwa kuseri kwa sofa. Ankolo Daka ankadziwa kuti malume safuna shuga wambiri mu tiyi, ankawameta pakhonde popanda kufunsa mametedwe, ndipo malume akayamba nkhani, iwo ankamwetulira isanafike poseketsa. Ine ndinkangoti ndi chinzake chabwino. Lero ndikhoza kunena poyera zomwe sindinkadziwa nthawi imeneyo: anthu awiriwa anali akukhala ngati banja kwa zaka zambiri, m'dziko lomwe zoterezi zikadziwika munthu akhoza kumangidwa n'kupirikitsidwa, ndipo kwathu komwe akanapirikitsidwirako malamulo analinso owakanira.

Nyengo yomweyo kumudzi kunali kampeni ya chisankho chobwereza cha pulezidenti. Ife a kunja sitinkavota, koma zimenezo sizinawaletse amayi kuchita kampeni yamphamvu kuposa ya anthu okhala ndi chala chopakidwa inki. Ankaimbira foni azakhali ku Dedza, asuweni ku Area 25, ngakhale mnyamata wosamalira nkhuku zathu, kuwauza woti amuvotere. Vuto linali lakuti woti amuvotereyo ankasintha pafupifupi sabata iliyonse, ndipo chomwe chinkamusintha chinali nkhani imodzi. Pagulu la pafoni la amayi a kutchalitchi kwathu pankagwa mauthenga a mawu onena kuti uyu akapambana adzalola maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, azungu amulonjeza kale ndalama. Mawa lake pankagwa uthenga wina wonena zomwezo za mnzake wopikisana naye. Amayi ankafuna kudziwa bwinobwino pomwe aliyense waima, koma chomwe ankapeza chinali chakuti mbali iliyonse ikukana n'kuloza inzake, ena n'kumati nkhani yotere ndi yofunsa anthu pa riferendamu. Mauthengawa ankawamvera mokweza, foni ataitsamiritsa ku botolo la mafuta ophikira, ife tikudya. Malume ankadzuka kukaima pakhonde pa kutentha konse kuja, ndipo ankolo Daka ankayamba kutsuka mbale anthu tisanamalize n'komwe.

Tsiku lina masana, uthenga unatchula zoti maiko ena amakana ukwati koma amalola chinthu china chongolembetsa kuboma. Ndinafunsa kusiyana kwake. Amayi anati si nkhani za ana, koma ankolo Daka, omwe sankalowerera za ndale za kwathu, anayankha ali chotembenukira kusinki.

"Ni kuti boma iziba chabe kuti aba bantu babili ni bamozi. Wina akadwala, ku chipatala bauza munzake."

"Ukwati wopanda ankhoswe?" anatero amayi, akuseka mwachipongwe. "Akayambana akawayanjanitse ndani, pulezidenti? Ayi, zimenezo azichita komweko. M'nyumba mwanga muno sizidzalowa, ndili moyo."

Malume anaseka nawo, koma mapewa awo sanagwedezeke, ndipo ndinaona zimenezo ngakhale sindinadziwe chochita nazo.

Patangopita masiku ochepa malume anayamba kutsokomola. Anati ndi eyakoni, n'kumwa madzi a mandimu ndi jinja, koma m'mawa wina analephera kuyenda kuchoka pamatiresi kufika kubafa. Milomo yawo inali yotuwa, akupuma ngati munthu amene wakwera masitepe onse a nyumba yathu akuthamanga. Amayi anaimbira ambulansi. Podikira, ankolo Daka anakhala pansi n'kuika mutu wa malume pamiyendo pawo, akuwapukuta thukuta ndi chikhato. Anali ataiwala masiki, ataiwalanso kuti tilipo. Anawerama mpaka chipumi chawo kukhudza cha malume, akunena mobwerezabwereza kuti, "Osanisiya, wanga, osanisiya." Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, kapu ya madzi ili m'manja, ndipo sanasunthe mpaka anthu ovala zoyera thupi lonse atagogoda.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munasintha. Tonse atatu tinauzidwa kuti tisatuluke, zakudya ankatisiyira pakhomo, moti panalibe kothawirana. Amayi anasiya kuyankhula ndi ankolo Daka. Chilichonse chinkadzera kwa ine: kawauze adye, kawauze bafa ndi lopanda munthu. A kuchipatala ankaimba kamodzi patsiku, cha m'ma thwelofu, ndipo ankauza wachibale yekha, yemwe anali amayi. Foni ikalira, amayi ankalowa nayo kuchipinda n'kutseka chitseko. Ine ndinkamvetsera pachitsekopo, kenako n'kupita pakhonde pomwe ankolo Daka ankakhala pa ndowa yovundikira, akupukuta mashini awo ometera omwe anali oyera kale.

"Tada, bakamba chani lelo?"

Ndinkawapatsa timawu tomwe ndatola: kuti malume awaika pa mpweya, kuti awagoneka chafufumimba, kuti kutentha thupi sikunatsike. Ankagwedeza mutu n'kunena kuti zikomo, ngati ndawapatsa chinthu chachikulu. Mpunga wawo unkauma m'mbale. Kenako ndinaona kuti atulutsa zovala zawo m'sutikesi ija n'kuzilongedza m'jumbo la pulasitiki, lomwe anaika pafupi ndi chitseko, pambali pa nsapato. Anandiuza kuti masiku otsekeredwa akangotha achoka. Nditafunsa kuti apita kuti, pomwe ntchito alibe ndipo ndege sizikuuluka, anangoti, "Inshallah, Mulungu akafuna, nizapeza." Ndinachita mantha kwambiri. Ndinkaopa kuti malume amwalira, komanso ndinkaopa kuti akachira adzapeza matiresi amodzi okha kuseri kwa sofa, ndipo sindinkadziwa kuti amayi akwiyiranji munthu amene sanaphwanye ngakhale kapu.

Amayi nawonso sankadya. Ndinkawapeza atagwada pambali pa bedi dzuwa lili pamutu, chitenje chili kumaso. Mauthenga a kampeni ankagwabe, foni inkanjenjemera patebulo, koma sankawatsegulanso. Kamodzi ndinawaona ataima pawindo la kukhitchini, akuyang'ana msana wa ankolo Daka pakhonde kwa nthawi yaitali, mpeni ndi anyezi zili m'manja osadula.

Tsiku lomwe zinthu zinatembenuka, foni inalira amayi akuchapa, ndipo inali ya vidiyo. Analibe nthawi yothamangira kuchipinda, anangopukuta manja pa chitenje n'kuyankha ali pabalaza. Panaoneka namwino wa ku Philippines, maso okha ali pamtunda, akunena m'Chingerezi kuti wodwala wathu wayamba kupuma bwino ndipo akhoza kuyankhula ndi achibale kwa kanthawi kochepa. Kenako panaoneka malume, ataonda, ndevu zitamera mwachisawawa, timachubu tili m'mphuno. Amayi anafuula dzina lawo n'kuyamba kulira ndi kuyamika Mulungu nthawi imodzi. Ine ndinakankhira nkhope yanga pafoni kuti andione. Malume anamwetulira, koma maso awo sanakhale pa ife. Ankayang'ana kuseri kwathu, uku ndi uku, pa sofa, pa chitseko.

"Achemwali," anatero ndi mawu okanda, "alipo?"

Sanatchule dzina. Ankolo Daka anali ataima pakhomo la pakhonde, atagwira felemu ndi manja onse awiri, osalowa. Namwino ayenera kuti anaona mthunzi wawo, chifukwa anafunsa kuti munthuyo ndi ndani, n'kukumbutsa kuti nthawi ndi yochepa ndipo ndi ya achibale. Eyakoni inkalira, ndipo pansi wa buledi ankamenya mtanda wake pathabwa. Kenako amayi anayankha m'Chingerezi chawo cha kuofesi, chopanda kukayika, kuti ameneyo ndi mlamu wawo. Anatembenuka, n'kuyang'ana ankolo Daka m'maso koyamba chichokereni ambulansi.

"Alamu, yalla, fulumirani, bwerani. Akukufunani."

Anawapatsa foni m'manja, n'kundigwira phewa kundikokera kukhitchini, komwe anatseka chitseko n'kutsegula mpopi wa madzi mwamphamvu, popanda chotsuka chilichonse.

Ine zinandisokoneza. Amayi sankanama, ngakhale kwa otsatsa malonda a pafoni. Ndinakhala pa kampando n'kuyamba kuwerengera pa zala njira zomwe munthu amakhalira mlamu wa amayi. Akhoza kukhala mchimwene wa bambo, koma achimwene a bambo ndinkawadziwa onse ndipo panalibe wa ku Chipata. Akhoza kukhala mwamuna wa mchemwali wa amayi, koma amayi analibe mchemwali. Njira yachitatu ndinaitaya msanga, poti malume analibe mkazi. Choncho madzulo ake tikudya, amayi atanenanso kuti, "Alamu, onjezerani nyemba," ndinaona kuti ndi bwino ndiwathandize.

"Amayi, anesi aja anapita kale. Ankolo Daka si alamu anu."

"Tadala, idya," anatero amayi.

Ankolo Daka anaseka, misozi ikugwera mu mpunga, ndipo anamaliza mbale yonse n'kuwonjezera. M'mawa mwake jumbo la pulasitiki lija silinalinso pachitseko. Amayi anali atalikhuthula pochapa, ndipo malaya a ankolo Daka anali pachingwe pakhonde limodzi ndi a malume ndi yunifolomu yanga ya sukulu yomwe sinkavalidwanso.

Malume anatuluka m'chipatala kutentha kutafika pachimake. Analowa m'nyumba pang'onopang'ono atagwira khoma, lamba atabooledwa bowo latsopano, ndipo chinthu choyamba chomwe ankolo Daka anachita chinali kuwakhazika pa ndowa ija n'kuwameta ndevu. Amayi anaphika nkhuku ndipo anandituma pansi kukagula buledi wotentha, woyamba kugula ndekha chiyambireni mliri. Mtima wanga unali m'malo moti ndinakwera masitepe ndikuimba, osadikira chikepe. Chisankho chinachitika cha m'masiku omwewo, wopambana anapambana, ndipo pa nkhani ija yomwe amayi anaivutikira palibe chomwe chinasintha, ku Malawi ngakhale ku Dubai. Amayi sanatuluke pagulu la amayi a kutchalitchi, ndipo sindinawamvepo akunena kuti asintha maganizo. Anangosiya kutsamiritsa foni ku botolo la mafuta.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi ananamiza namwino kuti athandize munthu wachisoni, kenako bodzalo n'kuwakakamira pakamwa. Lero ndikudziwa kuti anasankha mawu okhawo a m'chiyankhulo chathu omwe ankanena zoona popanda kuika munthu m'mavuto, ndipo anachita ntchito ya ankhoswe omwe iwo eni anati sangapezeke. Nkhaniyi sitinaikambepo mpaka pano, ine ndi iwo. Koma chaka chatha, titakhala pamodzi ku Lilongwe, azakhali a ku Dedza anaona chithunzi pafoni ya amayi n'kufunsa kuti wamtaliyo ndi ndani. Amayi sanadzutse n'komwe mutu pa mtedza womwe ankasenda.

"Ndi alamu anga a ku Chipata," anatero.