Msana wa Goloboyi

Kamera yanga yoyamba ndinaigula m'tauni kwa munthu wina amene ankati anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali yotha ndithu, kachitseko ka batire komangidwa ndi mphira, koma ine ndinkayenda nayo pakhosi ngati mendulo. Nthawi imeneyo ndinali m'chaka chachiwiri pa koleji ina mu Lilongwe, kuphunzira utolankhani, ndipo zojambulazi zinali zitandilowa m'magazi. Lenzi yake inali imodzi yokha, yaifupi. Lenzi yaifupi sikoka zakutali: munthu akakhala pakati pa bwalo la mpira, pachithunzi amaoneka ngati nyerere. Anzanga a makolo opeza bwino anali ndi malenzi aatali, ankangoima patali n'kumakoka nkhope za osewera. Ine ndinkayenera kuyandikira.

Choncho ndinapeza malo anga kumbuyo kwa golo. Mpira ngakhale uzungulire bwanji umathera pamenepo, ndipo osewera amakubwerera okha. Ndinkagwada m'fumbi, lenzi n'kuilowetsa pabowo la ukonde, n'kumadikira.

Goloboyi wa timu ya kumudzi kwathu, kufupi ndi Mitundu, anali achimwene anga opondana nawo. Pakati pa sabata ankachita kabaza ya njinga yamoto, kunyamula anthu, matumba a chimanga, nthawi zina mbuzi. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi n'kukatsika pa Mitundu, n'kuwapeza akundidikira pansi pa mtengo, injini ikulira kale. Mpira ukakhala wakoyenda tinkadzazana m'lole timu yonse ndi ochemerera omwe: ku Nathenje, ku Malingunde, kamodzi mpaka ku Diamphwe kumene tinakagonja koopsa n'kubwerera osaimba nyimbo. Fumbi la m'misewu imeneyo silisewera. Kamera ndinkaikulunga m'jumbo, pamwamba pake chitenje cha amayi, komabe linkapeza polowera, moti zithunzi zanga zonse za nyengo imeneyo zili ndi timadontho tiwiri takuda kumwamba chakumanja.

Mphunzitsi wathu wa zojambula ankati chithunzi chimene munthu waima njo kuyang'ana kamera n'chakufa. Chamoyo n'chimene wajambula munthu asakudziwa, ali pakati pa zochita zake. Ine mawu amenewa ndinawameza osatafuna. Ndinayamba kunyoza aliyense wojambula moimika anthu, makamaka mdala wina wa pamsika wa Mitundu. Mdalayo anali ndi kabenchi, maluwa apulasitiki, ndi chinsalu chachikulu chojambulidwa nyumba yosanja, pamwamba pake ndege ikuuluka. Theka la anthu a kwathu anajambulitsapo patsogolo pa chinsalu chimenecho, amayi anga omwe. Tsiku lina ndinaima pamenepo ndi anzanga awiri a ku koleji, n'kuwauza mokweza kuti apa ndiye pamene anthu amadzakwerera ndege osalipira. Mdalayo anamva. Anangondiyang'ana n'kupitiriza kupukuta maluwa ake.

Achimwene ankandipempha kawirikawiri kuti ndiwajambuleko chakumaso. Sanali munthu wokakamiza, ankangonena tikamakwera lole, kapena akamavula magolovesi. Ine zifukwa sizinkandithera. Dzuwa lili paliwombo, nkhope ituluka yakuda. Mwatuluka thukuta. Batire latha. Tsiku lina ku Nathenje, atagwira penate imene inatipulumutsa, anandikokera pambali n'kundiululira kuti pali mtsikana wa komweko amene akufuna kumufunsira ukwati, ndipo akufuna chithunzi chabwino choti amupatse. Ndinawauza kuti adikire ndibwereke lenzi yaitali kwa mnzanga, ndiwajambule chenicheni, osati za kumsika. Anaseka, nati ajambuli a ku koleji ali ngati mvula ya mu Okutobala, amangogunda osagwa. Lenziyo sindinaibwereke, ndipo kunena zoona sindinamufunse n'komwe mwini wake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali Lachiwiri m'mawa, ndili m'kalasi, pamene amalume anandiimbira foni. Galimoto lalikulu linawomba achimwene pamsewu waukulu pafupi ndi Nathenje, akuchokera kosiya munthu, ndipo anathera pomwepo. Za ulendo wanga wobwerera kumudzi tsiku limenelo sindikumbukira kanthu, kupatula kuti ndinanyamula chikwama cha kamera ndi laputopu koma n'kuiwala zovala.

Kwathu maliro asananyamuke kupita kumanda, bokosi amalitsegula chakumutu, anthu n'kumadutsa pamzere kuona nkhope. Ndiko kutsanzikana kwake. Koma amalume ndi akuluakulu ena amene anakatenga thupi kuchipatala anabwerako atagwirizana kale kuti bokosi lisatsegulidwe, ndipo panalibe amene anafunsa chifukwa. Lachitatu masana amayi anandiitanitsa m'nyumba ya siwa mmene anakhala ndi amayi anzawo. Mawu anali atawathera ndi kulira.

"Anthu saona nkhope ya mkulu wako mawa," anatero. "Ubweretse chithunzi chake tiike pabokosi, amuonere pamenepo. Si umamujambula sabata iliyonse?"

Ndinavomera msanga, mwina monyadira pang'ono, Mulungu andikhululukire. Ndinakakhala kuseri kwa chigafa cha fodya n'kutsegula laputopu. Zithunzi za mpira zinalimo zosawerengeka, za zaka pafupifupi ziwiri. Ndinayamba ndi za ku Nathenje. Achimwene ali m'malere, manja atatambasula, mpira uli kunsonga kwa zala, koma chooneka ndi msana. Chotsatira, msana. Za ku Malingunde, msana. Nambala wani yosuluka, khosi lakuda bii ndi dzuwa, chigamba pa chigongono chakumanzere. Nkhope zinalimo zambiri zowala bwino, koma za adani, anyamata a matimu ena amene ankathamangira kugolo kwathu. Wina ndinamujambula bwino moti mpata wa dzino lake loguluka unkaoneka. Munthu amene sindimudziwa ngakhale dzina.

Goloboyi amatembenukira kumbuyo pokhapokha akamakatola mpira mu ukonde, atamugoletsa. Zoterozo ndinkajambula, koma ndinkazifufuta tsiku lomwelo chifukwa achimwene ankakhala atazolika, ndipo ndinkati n'zochititsa manyazi. Ndinafufuza mpaka batire la laputopu linatha. Foni ya achimwene inali itaphwanyika pangoziyo, chiphaso chawo chinali chisanapezeke. Anyamata a timu anandionetsa za m'mafoni awo, koma zinali za gulu, mutu wa achimwene waung'ono ngati nyemba, ukaukulitsa n'kusanduka chifunga. Ndinachita mantha, mantha enieni a mwana amene waswa mtsuko, ndipo m'nyumba muja sindinalowemonso tsiku limenelo.

Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wa ku Nathenje uja. Anabwera pamaliro ndi azakhali ake, nakhala chapatali chifukwa pamudzi panali pasanamudziwe. Atamva anyamata akunong'onezana za vuto langa, anandiyandikira n'kundiuza, maso ali pansi, kuti tsiku la msika lapitalo achimwene anakajambulitsa kwa mdala wa chinsalu cha ndege. Achimwenewo anali atamulonjeza mtsikanayo kuti amubweretsera chithunzicho sabata imeneyo, ndiye kuti chinali chisanatengedwe.

Lachinayi, tsiku loika maliro, ndinabwereka njinga yakapalasa kum'mawa n'kuthamangira ku Mitundu. Ndinamupeza mdalayo akungopachika kumene chinsalu chake. Anandizindikira, ndinaona ndithu, koma za tsiku lija sanazitchule. Nkhani ya ngoziyo anali ataimva kale kwa anyamata a kabaza. Anatulutsa chienvulopu chakhaki n'kuyamba kusanthula zithunzi chimodzichimodzi, akunyowetsa chala ndi malovu, mosafulumira. Kenako anandipatsa.

Achimwene anali atavala malaya oyera ositidwa bwino, amene ankapita nawo kutchalitchi. Phazi limodzi analiika pampira, magolovesi ali m'dzanja. Kumbuyo kwawo nyumba yosanja ija, ndege ili pamwamba pa mutu. Ankayang'ana kamera mwachindunji, akudziletsa kuseka, kachipsera ka pachipumi pamene ndinawagenda ndi mwala tili ana kakuoneka bwinobwino. Malinga ndi zimene tinkaphunzira, chithunzicho chinali ndi zolakwika zonse. Koma anali iwowo.

Mdalayo anachotsa chithunzi cha anthu aukwati m'felemu imene ankaonetsera ntchito yake, naikamo cha achimwene, napukuta galasi ndi m'mphepete mwa malaya ake.

"Ndinawafunsa kuti bwanji osajambulitsa kwa mng'ono wanu, poti ali ndi kamera yamakono," anatero. "Anati mng'ono wanga ndi katswiri, madala, koma amatanganidwa."

Felemuyo ndinaikulunga m'chitenje cha amayi chomwe chija ndinkakulungira kamera, n'kupalasa kubwerera. Panjira ndinaima kawiri chifukwa misozi inkanditseka m'maso.

Ndinakawapatsa amayi m'manja. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Chinsalu chimenecho ankachidziwa, chifukwa chithunzi chawo cha chigwirizano cha amayi, chojambulidwa pamalo omwewo, chinali pakhoma m'nyumba momwemo. Anadziwanso kuti ndinalawirira pa njinga. Sanandifunse kanthu. Anangouza amalume kuti akachiike pabokosi.

Anthu anadutsa pamzere monga mwa mwambo, aliyense n'kuwerama pang'ono kuyang'ana chithunzicho. Anyamata a timu anadutsa atavala majezi awo. Mtsikana uja anadutsa kumapeto, naima pang'ono kuposa ena. Ine ndinali chapafupi pamene mayi wina wachikulire wa kutchalitchi anagwada pambali pa amayi n'kunena kuti mwanayu watuluka bwino, ngati alankhula, wajambula ndani?

"Mng'ono wake," anatero amayi. "Yemwe ali ku koleji uja."

Mayi uja anatembenuka n'kundigwedezera mutu mothokoza. Nayenso chinsalucho ayenera kuti ankachidziwa, monga aliyense amene anali pamzerepo, koma palibe anatsutsa.

Koleji ndinamaliza, ndipo lenzi yaitali ndili nayo tsopano. Kumbuyo kwa golo sindinagwadekonso. Zithunzi za msana zija zikadali mu laputopu yakale, sindizitsegula ndipo sinditha kuzifufuta. Cha mdala uja chili pakhoma kwa amayi, moyang'anizana ndi khomo, ndipo mlendo aliyense akalowa amayamba kuona chimenecho. Akafunsa, amayi amayankha chimodzimodzi mpaka lero, ngakhale ine nditakhala pomwepo. Amanena osandiyang'ana, ine n'kumangoyang'ana pansi.