Kamphete ka labala kamene ndinakana kudula

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa ntchito munthu wosalakwa chifukwa cha kamphete ka labala kochepa ngati chibangiri cha khanda. Mpaka lero sindinamupepese. Ndalemba kuti wina asadzapusenso monga ndinapusira ine.

Ndinakulira ku Balaka, pakhomo pa bambo okonza njinga. Kwathu kutaya chinthu linali tchimo. Chubu chikatheratu tinkachilenga malegeni, sipoko yothyoka tinkainola n'kumasokera matumba, ndipo nati aliyense, ngakhale wadzimbiri, anali ndi malo ake m'chitini. Khalidwe limeneli ndinakwera nalo ndege popita ku Doha, zaka zija mzinda wonse unali pa kalikiliki womanga mabwalo a mpira.

Amene anandiitanitsa anali a Jafali, bambo achikulire a ku Mangochi, ndipo tinkakhala fulati imodzi kudera la Bin Omran. Kampani yathu inkasaka ndi kusunga masipeyala a ndege zankhondo. Ine ndinali wa m'sitolo. Iwo ntchito yawo inali kuyendera chipangizo chilichonse n'kusayina kuti chili bwino chisanapite kwa amakaniko.

Ndege zimenezi, ngakhale zinkabangula mochititsa mantha, zinali nkhalamba. Mafakitale anali atasiya kupanga zipangizo zake zambiri, choncho mabwana ankachita kufunsira m'mayiko akutali, ndipo kanthu kakang'ono kankatha miyezi kasanafike. Ndege ina inangokhala m'shedi, akuizula ziwalo kuti zinzake ziziuluka.

Mwa katundu amene ndinkasunga munali masilu, timphete ta labala totseka mafuta kuti asadonthe. Kalikonse kanali m'kapaketi kake kolembedwa tsiku lotha ntchito. Tsikulo likakwana, lamulo linali loti ndikadule pakati ndi sizasi n'kukaponya m'bini yofiira. A Jafali anandifotokozera tsiku loyamba lomwe kuti labala amakalambira m'kati, maso sangaone, ndipo akakumana ndi kutentha ndi mphamvu ya mafuta a ndege amang'aluka.

Ndinamva, koma sindinakhulupirire. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Tsiku lina masilu khumi ndi awiri anatha nthawi. Ndinawagwira, ndinawakoka, onse akuda bii, onyezimira, osalala. Mumtima ndinati azungu awa ndi owononga, bambo anga akanaona akanadwala. Ndinadula mapaketi okha n'kuwataya, timpheteto ndinatibisa m'dilowa yanga. Sindinkafuna kugulitsa. Dzanja langa linangokana kudula chinthu chooneka chatsopano.

Patapita miyezi, amakaniko anafuna silu ya mabuleki a ndege ina, ndipo m'sitolo munali itatsala imodzi yokha yabwino. Bwana wathu anali pakhomo akukuwa kuti yala, yala, kutanthauza kuti fulumira. Ndi phuma, pomasula tepi yomwe inamata kapaketi kubokosi, lezala linalowa n'kucheka siluyo pang'ono. Thukuta linandituluka ngakhale m'sitolomo munkazizira ngati m'filiji. Ndinadziwa kuti ndikanena, ndegeyo ikhala pansi miyezi inanso, ndipo dzina lotchulidwa likhala langa.

Ndinatsegula dilowa. Ndinatenga kamphete kakale kofanana nako, n'kukalowetsa m'kapaketi katsopano, n'kumata bwinobwino. A Jafali anayang'ana tsiku papaketi, anandiyang'ana ine, n'kusayina. Munthu wina akanamuunika kawiri, koma ine ndinali mwana wa pakhomo.

Masabata atatu anadutsa bwino, mpaka ndinayamba kudzitama kuti ndapulumutsa kampani. Kenako m'mawa wina ndegeyo potera mafuta a mabuleki anathawa mbali imodzi. Inasiya msewu wake n'kukazika mphuno mumchenga. Woyendetsa anapulumuka, koma anathyoka mwendo.

Pantchito ya ndege chilichonse chili ndi pepala lake, ndipo pepala silisochera. Ofufuza anapeza kuti labala anali wouma, wosagwirizana ndi tsiku la papaketi. Anatsata mapepala mpaka anafika pa siginecha ya a Jafali. Ine anandifunsa kamodzi kokha ngati ndikudziwapo kanthu. Ndinati ayi. Mantha ndi oipa, abale. Ndinaganiza za ukaidi m'dziko la eni, ndinaganiza za mkazi wanga ndi ana, n'kubisa zoona. A Jafali anauzidwa kuti ntchito yatha ndipo achoke m'dzikomo sabata isanathe. Anali atagwira zaka zambiri popanda banga, ndipo mwana wawo wamkazi anali pakati pa maphunziro a unamwino.

Tsiku lonyamuka ndinawathandiza kutsitsa zikwama. Takisi itaima, anandigwira dzanja, osakwiya, osakweza mawu.

“Mwana wanga, mawa ukafika ukatsegule dilowa ija. Timphete tija tatsala khumi ndi kamodzi. Ukadule tonse.”

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ankadziwa zonse. Ndinawafunsa chifukwa chake sananene kwa ofufuza.

“Ndinasayina ndine osatsegula paketi. Kubwerera mmodzi kwakwana. Khalasi, yatha.”

Khalasi ndi mawu a kumeneko onena kuti nkhani yatha. Analowa m'takisi.

Mawa lake ndinadula timphete tonse. Kamodzi ndinayamba ndakapinda mwamphamvu ndi zala, ndipo kanachita ming'alu tating'onoting'ono, monga momwe iwo ananenera. Ndinagwirabe ntchitoyo zaka zina ziwiri, akunditama kuti ndine wosamala, ndipo mawu amenewo ankandilasa nthawi zonse.

Inu amene mukupita kukagwira ntchito kunja, nzeru za kwanu n'zabwino, koma si paliponse pamene zimagwira. Njinga ikakanika mabuleki umatsitsa phazi pansi. Ndege ilibe phazi lotsitsa. Akakuuzani kuti dulani, dulani, ngakhale mtima ukuwawa. Mukawononga chinthu, nenani nthawi yomweyo, chifukwa kukalipiridwa kumatha tsiku lomwelo. Ndipo musalole kuti amene anakukhulupirirani asenze mlandu wanu.

Ndinamva kuti mwana wawo uja anasiya sukulu chaka chomwecho. Nambala ya a Jafali ndikadali nayo m'foni. Ndasintha mafoni katatu, ndipo nthawi iliyonse ndimaisamutsa, koma sindinaimbepo.