Ng'ona ya M'bandi

Chaka chimene ng'ona inagwira mwamuna wa mchemwali wanga padooko ku Bangula, ine ndinkaimba lipenga lalikulu m'bandi ya kutchalitchi kwathu. Sabata yomweyo tinali titakangana ndi mlamu wangayo za malire a dimba, ndiye anthu anayamba kunong'onezana kuti ng'onayo inali yotumidwa. Palibe anandiuza pamaso, koma kumsika moni unachepa.

Patapita miyezi itatu, aphunzitsi a bandi anabwera ndi nyimbo yopanda mawu imene anapeka okha. Akuti anaitenga m'buku lina losimba za msodzi. Zitoliro zinali madzi, malipenga aang'ono anali msodziyo akupalasa bwato. Kenaka anandipatsa pepala langa.

"Inu ndinu ng'ona," anatero.

Ndinawayang'anitsitsa kuti ndione ngati akuseka. Sanaseke, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

"Aphunzitsi, wakutumani ndani?"

"Nkhabe, baba, palibe wandituma! Lipenga la mawu aakulu ndi lanulo basi. Mukufuna ng'ona ilire ngati chitoliro?"

Sindinawakhulupirire. Galu wamkota sakandira pachabe, komanso akazi awo ankagulitsa nsomba benchi limodzi ndi mchemwali wanga. Ndinabwereka bukulo n'kuliwerenga lonse, ine amene ndinasiyana ndi mabuku kalekale. Ng'ona inalimodi, chakumapeto. Komabe mtima sunakhale pansi. Mabuku onse ali m'dziko munowa, anasankhiranji limeneli?

Pokonzekera ndinkaimba ndithu, maso ali pa anzanga. Wina akatsokomola, ndinkati akundinena.

Tsiku loimba tchalitchi chinadzaza. Mchemwali wanga anakhala kutsogolo atavala zakuda. Madzi anayenda, msodzi anapalasa, kenaka aphunzitsi anandiloza ndi kamtengo kawo. Ndinaika milomo palipenga, koma mantha anandigwira. Ndinaganiza kuti ndikaimba bwino, anthu adzati ndi ntchito yoizolowera. Ndinangokhala duu. Bandi yonse inaima kudikira ine, mpaka aphunzitsi anadumphira kumapeto kwa nyimboyo, thukuta lili kamukamu.

Potuluka ndinamva mayi wina akuuza mnzake, osatsitsa n'komwe mawu.

"Mwaona? Chamugwira pakhosi. Magazi a munthu sasowa."

Mchemwali wanga, wobadwa naye bere limodzi, anali pomwepo. Anamva zonse, ndipo sanawatsutse.